Manda a Mphasa ndi Bokosi la Chipani

Achemwali anga anamwalira m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pa ukali wake, nthaka ya kumanda itauma ngati njerwa yowotcha. Anamwalira pa nthawi yolakwika. Ndikudziwa kuti masiku a munthu amawerenga ndi Mulungu yekha, ndipo sindikulimbana Naye. Koma kwa anthu a kwathu ku Domasi nthawiyo inali yolakwikadi, chifukwa amuna awo, alamu anga, anali atangoimitsidwa kumene pa mpando wa chipani.

Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi dziko lonse, ndipo khadi ankagulira ngakhale mwana wa kumsana. Ana a masiku ano amaganiza kuti pamene chipani chili chimodzi palibe mbali. Mbali zinalipo, kungoti zinkabisala m'nsalu imodzi. Kwathu zinali zitatu. Panali ife, mabanja a alimi amene makolo athu anabatizidwa kalekale, odziyesa eni chigwa. Panali aphunzitsi ndi makalaliki a ku koleji ndi m'masukulu, ochokera zigawo zonse, olankhula mosakaniza ndi chizungu. Ndiye panali eni magolosale ndi mabutchala a m'mbali mwa msewu, ku Naisi ndi kwina, ambiri a iwo Asilamu. Anthu amenewa sankakondana. Alimi ankati aphunzitsi ndi onyada, aphunzitsi ankati amalonda ndi akuba, amalonda ankangoseka n'kukweza mtengo wa sopo.

Alamu anga ndi amene anawamanga mtolo umodzi. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, wodziwa kuseka ndi aliyense, ndipo kumbuyo kwawo kunali bwana wina wamkulu wa m'chipani amene ankawakonda. Aliyense wofuna kanthu, kaya mjigo, kaya malo a mwana kusukulu, kaya chilolezo cha golosale, ankadziwa kuti njira yopita kwa bwanayo imadutsa pakhonde pa alamu anga. Choncho magulu atatu aja anagwirizana n'kuwaika pampando wa dera lonse.

Loweruka lililonse khondelo linkadzaza. Ine ndinkapita kukathandiza achemwali kutengera alendo tiyi ndi thobwa, pakuti nyumba zathu zinali zoyang'anana pamudzi wa amayi athu. Achemwali sankadziwa zandale, ndipo sankafuna kuzidziwa. Ankadziwa anthu. Ankadziwa mphunzitsi amene samwa shuga, ndi mlimi amene amachita manyazi kupempha kapu yachiwiri. Ataona kuti Asilamu aja akumwa tiyi mokayika, anagulitsa nkhumba zawo zonse, khola n'kuligumula, osauza munthu chifukwa chake. Onse ankawatchula kuti mayi wathu. Wokweza mawu kuposa onse potchula dzina limeneli anali mkulu wina wa mpingo wathu, amenenso anali wachiwiri kwa alamu m'chipani. Iyeyu ndi amene ankatsegula misonkhano ndi pemphero, ndipo alamu anga ankamutcha mbale wawo wa bere limodzi.

Tsiku lina wayilesi inalengeza pa nkhani za masana kuti bwana wamkulu uja wachotsedwa m'chipani chifukwa chosowa mwambo. Sanati walakwa chiyani. Sankanena. Sabata isanathe kunabwera uthenga wakuti alamu anga ayambe akhala pansi kufikira nkhani yawo itaunikidwa, ndipo mkulu wa mpingo uja agwirizire mpando.

Aphunzitsi ndi amene anayamba kuchoka. Iwowa ndimawamvetsa pang'ono, chifukwa amuna anga omwe ankagwira ntchito m'sitolo ya ku koleji, ndipo ndinaona mmene ankaopera kuchotsedwa ntchito masiku amenewo. Mphunzitsi akationa tikubwera ankawoloka msewu, n'kuyamba kuyang'anitsitsa mtengo ngati sanauonepo. Amalonda anatsatira. Mwini butchala wina wa ku Naisi, bambo wamkulu thupi ndi wanthabwala, anali ndi chithunzi pakhoma chimene anajambulitsa ataima ndi bwana uja. Anachichotsa tsiku lomwelo, pamalo pake n'kupachikapo kalendala. Omaliza anali anzathu a mumpingo, ndipo awa ndi amene anandiwawa. Lamulungu achemwali anakhala pa benchi yawo ya masiku onse, amayi amene anali pamenepo n'kuyamba kusuntha mmodzimmodzi, wina ngati akukatonthoza mwana, wina ngati akufuna mphepo ya pawindo. Pofika pa ulaliki benchi yonse tinali awiri.

Achemwali anali atayamba kale kudwala mtima. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathera akangoyenda pang'ono. Kuchipatala ku Malosa anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti azikapumula kunyumba. Masabata otsiriza ndinkawasamala ndine. Alamu anga ankalawira kupita m'tauni ku Zomba, akuti kukafuna mankhwala ena amphamvu, koma ankabwera chimanjamanja. Sindinafunse. Ndinkati munthu akuthawa kuona mkazi wake akutha.

Atamwalira tinalira monga mwa mwambo, n'kutumiza uthenga kwa amfumu, kumpingo ndi midzi yoyandikana. Tsiku lonse pabwalo panafika anthu osakwana kudzaza mkeka: amalume athu okalamba, agogo awiri a pamudzi amene analibenso chowopa m'dziko lino, amuna anga, ana, ndi ine. Amfumu anatumiza mawu akuti mwendo wawagwira. Kutacha tsiku lachiwiri ndinatuluka kukamvetsera kulira kwa makasu kumanda, pakuti kwathu adzukulu amalawira dzuwa lisanatuluke. Kunali zii. Wachibale sagwira khasu pa manda a mbale wake. Amakumba ndi adzukulu, anthu apadera, ndipo iwenso tsiku lawo likafika umakawakumbira. Popanda adzukulu palibe manda. Ndipo thupi m'mwezi wa Okutobala silidikira kuti nkhani ya munthu iunikidwe.

Ndinamanga nsalu n'kupita kwa mkulu wa mpingo uja. Kunyumba kwake anandiuza kuti wachoka. Ndinamupeza kudimba, m'mbali mwa mtsinje, akuthirira tomato, matope ali m'miyendo.

"Aa, mayi! Pepani, pepani kwambiri. Ndamva. Mtima wanga wasweka pakati."

"Belu silinalire, abambo."

"Chingwe chake chija chayamba kuduka. Tikuopa kuti chingagwere munthu."

"Lamulungu linalira."

Anaika chitini chake pansi n'kuyang'ana uku ndi uku, ngati tomato ali ndi makutu.

"Mayi, inu ndinu munthu wopemphera, ndiye ndikuuzeni zoona. Mpingo sukana maliro. Sunakanepo. Koma masiku ano akuona aliyense wolowa pakhomo paja. Tidikire kaye timve kuti akuluakulu akuti bwanji. Kodi Malemba satiuza kuti tikhale ochenjera ngati njoka?"

"Mwasiya theka lonena za nkhunda, abambo."

"Musandiphunzitse Malemba, mayi, ndinawayamba inu musanabadwe." Kenaka anatsitsa mawu. "Amuna anu amalandira ku koleji. Muli ndi ana asukulu. Ine ndikanakhala inu, ndikanalirira m'nyumba mwanga."

"Ndi achemwali anga. Munkawatcha mayi wanu."

"Tonse tili ndi mayi athu amene anatibereka," anatero, n'kutola chitini chake.

Pobwerera ndinadzera kwa kalipentala wa pamudzi, mkhristu mnzathu woimba besi m'kwaya. Anandiuza kuti matabwa amuthera. Anali atakhala pa matabwawo.

Njira yonse ndinkapemphera, koma silinali pemphero labwino. Ndinkakumbutsa Ambuye kuti Iwonso tsiku lawo anathawidwa ndi amene ankadya nawo, ndipo thupi lawo anakalipempha ndi munthu amene sankamuyembekeza. Ndinati, Ambuye, inu munapeza wokuikani. Achemwali anga muwasiya awolere m'nyumba?

Nditafika ndinapeza njinga zitatsamira mtengo wa mango, ndi amuna angapo a zisoti zoyera atanyamula makasu, mapiki ndi mafosholo. Patsogolo pawo panali mwini butchala uja.

"Mayi, tamva kuti adzukulu a kuno onse atsegula m'mimba tsiku limodzi," anatero. "Ndiye tati tifulumire kukumba matendawa asanafike ku Naisi."

Ndinangogwada pansi n'kuwomba m'manja.

"Dzukani, dzukani, ife si amfumu. Bokosi lili kuti tiliyeze?"

"Palibe bokosi."

"Chabwino. Kwathu bokosi sitilidziwa n'komwe. Timayeza mwini wake." Anadula bango n'kundipatsa. "Lowani muyeze kutalika, muike chizindikiro. Kenaka m'mapewa."

Ndinalowa n'kuyeza achemwali anga ndi bango. Matenda anali atawamaliza, m'mapewa munali mochepa ngati mwa mtsikana. Pomupatsa bangolo ndinamufunsa motsitsa mawu ngati sakuopa.

"Ndikuopa, mayi. Za chithunzi chija munamva kale, musachite ngati simunamve. Koma chithunzi sichinunkha. Munthu uyu anagumula khola la nkhumba chifukwa cha ife, akuyesa sitinaone."

Amalume anawatsogolera kumanda n'kuwalozera malo, pafupi ndi pamene tinaika amayi. Posakhalitsa tinamva mapiki akulira pa nthaka youma ija. Ine ndi agogo awiri aja tinasambitsa achemwali, tinawaveka diresi lawo loyera la ku mgonero, n'kuwakulunga m'nsalu, kenaka m'mphasa yatsopano imene ndinali nditasungira alendo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati kwaya palibe, belu palibe, koma amuna anga awerenga Mawu, ine ndiyambitsa nyimbo, ndipo achemwali agona m'nthaka dzuwa lisanafike pamutu.

Nthawi yonseyi alamu anga anali atakhala pakhonde, atameta ndevu, atavala suti ndi tayi. Sanapite kukalonjera okumba aja. Maso awo anali kumsewu. Ndinkayesa ndi chisoni.

Uthenga utangobwera kuti manda atha, tinamva galimoto. Inali Landirova, ikubwera pang'onopang'ono m'kanjira ka pamudzi, fumbi lili m'mbuyo, ndipo pamwamba pake anamangirirapo bokosi. Bokosi lotero ndinali ndisanalionepo: lalikulu, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo m'mbali, ndi kagalasi pamalo pa nkhope. M'galimotomo munatuluka anyamata a chipani a malaya ofiira, kenaka bwana wina wa ku boma wa suti yakuda, munthu amene tonse tinkadziwa kuti sankamwerana madzi ndi bwana wochotsedwa uja. Alamu anga anadzuka ngati mnyamata n'kuthamangira galimotoyo. Bwanayo anawakumbatira, n'kulankhula mokweza kuti amve ndi amene anali kuseri kwa mipanda.

"Pepani, a wapampando athu! Chipani chamva, chipani chalira."

Sanalekere pomwepo. Anati akuluakulu akondwera ndi alamu anga, chifukwa masabata apitawa akhala akubwera okha ku ofesi kukaulula zoipa zonse za munthu uja, ndi mayina a amene ankayenda naye. Anati munthu wokhulupirika chonchi chipani sichingamusiye aike mkazi wake ngati mlendo.

Ndinali nditaima pakhomo, m'manja muli beseni limene tinasambitsira achemwali. Pamenepo ndinadziwa mankhwala amene ankakafunidwa ku Zomba.

Sindidziwa kuti mawu amayenda bwanji. Galimoto ija inali isanazizire pamene belu la kutchalitchi linayamba kulira. Chingwe chinachira. Linalira kwa nthawi yaitali, ngati wamwalira mbusa. Kenaka njira zonse zinayamba kutulutsa anthu. Amayi anabwera atavala nsalu za chipani, akulira kuchokera kumsewu, ena akudzigwetsa pansi, amayi omwe aja amene anatisiyira benchi. Aphunzitsi anabwera pamzere, manja kumbuyo. Amfumu anafika akuyenda bwinobwino. Kalipentala anabwera ndi kwaya yake, n'kuima pafupi ndi bokosi lija akulisisita ndi chala, akugwedeza mutu moyamikira. Mkulu wa mpingo anafika atavala jekete, buku lili m'khwapa, matope a kudimba akuonekabe pamwamba pa nsapato. Anapita molunjika kwa alamu anga.

"Mbale wanga! Ndimati ndikonze kaye za kumpingo, n'chifukwa chake ndachedwa."

Alamu anga anamugwira chanza ndi manja awiri. Onse awiri ankadziwa, ndipo onse awiri ankamwetulira mwachisoni.

Mtsogoleri wa amayi a chipani analowa m'nyumba ndi anzake, n'kuuza agogo awiri aja kuti apumule, atopa. Anamasula mphasa yanga, ananyamula achemwali n'kuwaika m'bokosi, pamwamba pake n'kuyalapo nsalu ya chipani. Mphasayo anaikankhira kuseri kwa chitseko ndi phazi. Achemwali anaoneka ochepa kwambiri m'bokosimo, ngati mwana wogona pa bedi la makolo.

Zonse zimene ndinapita kukapempha m'mawa uja zinali zitabwera. Belu, kwaya, bokosi, mkulu wa mpingo, khamu.

Amuna ankalimbirana kunyamula bokosi, aliyense akufuna kuti bwana amuone pa chogwirira. Tinafika kumanda dzuwa lili paliwombo. Okumba aja anali atakhala pansi pa mtengo, atayera ndi fumbi mpaka m'nsidze. Manda awo anali okongola, ngati n'kololedwa kunena choncho za manda: akuya, makoma osalala ngati opaka ndi dzanja, oyezedwa pa bango lija.

Anadutsitsa zingwe pansi pa bokosi n'kuyamba kutsitsa. Linalowa pang'ono n'kuima. Zogwirira zija zinakhala pamilomo ya dzenje mbali zonse. Wina anati alipendeketse. Analipendeketsa, ndipo tonse tinamva thupi likutsetsereka m'katimo n'kukagunda thabwa. Ndinakuwa. Analikoka n'kuliika pa mulu wa dothi.

Mtsogoleri wa anyamata a malaya ofiira anasuzumira m'dzenjemo, manja ali m'chiuno.

"Ndani wakumba kamzere aka? Mumayesa mukubzala chinangwa?"

Anthu anaseka. Kumanda, pamaliro a mayi wawo, anaseka.

"Tinayeza munthu, achimwene," anayankha mwini butchala. "Sanatiuze kuti kubwera nyumba."

"Nanga inu ndinu a mudzi uno? Anakutumani ndani? Makadi anu ali kuti?"

Amuna aja anaimirira mmodzimmodzi n'kupisa m'matumba. Anatulutsa makadi ndi manja otupa matuza, ena akutuluka magazi, mnyamatayo n'kumawatembenuza ngati akufuna cholakwika. Palibe amene anamuletsa. Mkulu wa mpingo anali akufufuza tsamba m'buku lake.

Ndinapita pamene panaima alamu anga, ndinagwada, n'kulankhula motsitsa.

"Alamu, mandawa alibe vuto. Achemwali akwanamo. Mphasa ija ilipo, mwana athamange akatenge. Tiwatulutse tiwaike, dzuwali lawakwana."

"Mlamu, mutu ukuyenda bwino? Bokosi ili latumizidwa ndi akuluakulu. Ndiwauze chiyani, alikweze pa galimoto abwerere nalo?"

"Thupi layamba kusintha, alamu. Ndawasambitsa ndine."

"Pitani mukakhale ndi amayi anzanu."

Ananena mosakweza mawu, maso ali kwa bwana. Ndinabwerera.

Apa m'pamene adzukulu a pamudzi pathu anachira nawonso. Analanda mapiki ndi mafosholo a anthu a ku Naisi, n'kulumphira m'dzenje atatuatatu, akukankhana, aliyense akufuula malangizo. Sanayeze kanthu. Ankangogumula makoma aja, dothi n'kumagwera m'kati, n'kumalitulutsanso. Mbali ina anapeza mwala, ndiye anakhotera mbali inayo, mpaka amalume anakuwa kuti mukulowa m'manda a mlongo wanga. Dzenje linasanduka chinthu chopanda maonekedwe, chotambalala pamwamba ngati mbale.

Poti anthu asangokhala, anati ayambe zolankhula. Amfumu analankhula. Woimira aphunzitsi anati malemuwa anali mayi wa ophunzira onse. Mkulu wa mpingo anati mpingo sunagone tulo chiyambire matendawa, ndipo iye mwini wakhala akugwirizira mpando ndi misozi, kuusungira mwini wake monga munthu asungira mnzake mbuzi. Ndinamuyang'ana m'maso pamene ankanena zimenezi. Sanaphethire. Ndinakumbuka mawu aja a manda opaka njereza, ndipo ndinaona kuti amene anawanena anali ataimapo pamalo ngati amenewa.

Kenaka analankhula alamu anga. Kwathu mwini maliro salankhula kumanda, amamulankhulira achibale, koma tsiku limenelo mwambo unapatuka. Anathokoza chipani, anathokoza bwana, anathokoza bokosi. Bwana wochotsedwa uja, munthu amene anawagulira malata a nyumba ndi kunyamula mwana wawo pa ubatizo, anamutcha njoka imene tinaiweta osadziwa. Anthu anavomera ndi kung'ung'udza kwa chivomerezo, amene ankadya za njokayo akuvomera kuposa anzawo. Achemwali anga anawatchula kamodzi. Anati anali mayi wokhulupirika wa chipani.

Nthawi yonseyo bokosi linali padzuwa, pa mulu wa dothi. Ntchentche zinayamba kusonkhana pa kagalasi kaja, zazikulu zobiriwira. Mtsogoleri wa amayi ankazikupiza ndi nsonga ya nsalu yake, ndipo akaona kuti bwana wayang'ana kumbali ankadziphimba mphuno. Amene anali kumphepo anayamba kusuntha mwakachetechete. Achemwali anga anali munthu waukhondo, wosalola mlendo kuona mbale yakuda. Anawasunga pamenepo mpaka fungo lawo linafika kwa anthu onse amene anawapatsapo tiyi, chifukwa cha zogwirira zachitsulo.

Pali chinthu china chimene ndikanakonda ndikanapanda kuchiona. Zolankhula zitatha, mwini butchala uja anapukuta manja pa thalauza lake, anapita kwa bwana, n'kuwerama.

"Bwana, ife a ku Naisi tinkadziwa kuti a wapampando athu alibe mlandu. N'chifukwa chake tinalawira."

Bwana anamusisita paphewa. Potembenuka maso ake anakumana ndi anga, ndipo anayang'ana pansi. Mpaka lero sindidziwa ngati anabwera m'mawa uja chifukwa cha khola la nkhumba, kapena anali atamva kale mphepo ya ku Zomba, pakuti amalonda amamva zinthu msanga. Mwina zonse ziwiri. Matuza a m'manja mwake anali enieni, ndinawaona. Mawu ajanso ndinawamva ndi makutu anga.

Bokosi linalowa dzuwa litapendeka. Kwaya inaimba bwino, besi ya kalipentala ikumveka pansi pa onse. Ine amene ndinakonzeka kuyambitsa nyimbo ndekha pamaso pa agogo awiri ndi Asilamu, pakati pa khamu lija pakamwa panga panakana kutseguka. Mkulu wa mpingo anaponya dothi loyamba n'kunena mawu a kuuka kwa akufa. Mawuwo ndi oona, ndimawakhulupirira ndi mtima wanga wonse, ndipo sasanduka bodza chifukwa cha pakamwa pamene atulukira. Ndinadziuza zimenezi nditaima pamenepo, ndipo ndakhala ndikudziuza kambirimbiri, pakuti munthu ameneyu ndinalandira mgonero m'dzanja lake zaka zambiri pambuyo pake. Ndikafika pa mawu a kukhululukira amene atilakwira ndimawanena, chifukwa ndinalamulidwa, koma lilime limalemera.

Kunyumba bwana anali atasiya mbuzi ya adzukulu. Anadya ndi amene anagumula makoma aja. Anthu a ku Naisi anatola zida zawo kumanda komweko n'kukwera njinga, osadzera ngakhale kudzasamba m'manja.

Alamu anga anabwerera pampando. Aphunzitsi awiri amene mayina awo anatchulidwa ku Zomba anasamutsidwa mwadzidzidzi, ndipo mmodzi sitinamvenso za iye. Palibe amene anafunsa.

Mvula yoyamba itagwa, mwana wina wobwera kotola nkhuni anandiuza kuti manda a achemwali atitimira. Ndinapita kukaona. Makoma ogumulidwa aja sanagwire. Dothi linali litalowa pansi mbali yonse ya kwa amayi, madzi atadikha m'dzenjemo, ndipo ngodya ya bokosi inkaoneka, chitsulo chija chikunyezimira m'matope. Ndinapita kwa alamu. Anandiuza kuti ali ndi msonkhano kwa Malemia, aona akabwerako. Ndinapita kwa mkulu wa adzukulu, amene anati ntchito yawo inathera pa tsiku la maliro, pokhapokha a wapampando atalamula.

Ndinadikira mpaka mitambo itayambanso kuda chakumapiri. Kenaka ndinatenga khasu, amuna anga anatenga fosholo ndi ndowa. Amalume anatiitana tili panjira kuti wachibale sagwira khasu kumanda, ndiponso ndine mkazi. Ndinawayankha kuti ndamva. Tinatunga madzi aja ndi ndowa, tinatuta miyala kumtsinje n'kutchinga mbali imene inagumuka, kenaka tinakwirira, tikupondaponda dothi ndi mapazi kuti ligwirane. Amuna anga ananena pemphero lalifupi. Tikumaliza, madontho anali atayamba, ndipo tinatsika kumtsinje kukatsuka khasu ndi fosholo mvula ikutimenya kumsana.